Nico Asabwereze Kalasi

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga mawondo aja akukulolani kupita ku Misa, kapena mukumverabe pa wailesi? Ine ndili bwino, kungoti mphepo ya kuno kumpoto kwa Texas siipuma, fumbi mpaka m'mano. Matotiya, mikate yathu yopyapyala ya chimanga ija, a m'sitolo za kuno ndinawasiya, amangomveka ngati katoni. Ntchito ya kuhotela ikuyenda.

Mwana wanu Efraín ali bwino, ndipo kuno simungamusowe. Nkhope yake ili pa mapolo a magetsi, pa mabasi, ngakhale pa makapu omwera khofi. Akuti m'mayunivesite onse a chigawo chino mulibe woponya ngati iye pa mpira wachiamerika wa manja uja, timu yonse imadalira mkono wakewo. Ine ndimamuona mwa apo ndi apo, ndipo kuti ndimuone ndimayamba ndapempha kwa kamtsikana kena kolembedwa ntchito yomusungira nthawi. Munthu amene ndinabadwa naye mapasa, m'mimba imodzi!

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya mlongo wanga wamng'ono, Nico. Azakhali a Chelo anandiuza pa foni kuti bambo akufuna abwereze giredi 8, chonsecho mwanayo akukhoza kuposa anzake onse. Akuti adikire chaka china kuti akalowe sekondale ali wamtali ndi wamapewa, azikaponya mpira pamwamba pa mitu ya ana aang'ono kwa iye.

Si zomwezi zinachitika kwa Efraín? Ine ndi iye tinayamba sukulu tsiku limodzi. Masamu ankandiposa kutali, ndinkachita kuonera kwa iye. Ankati adzakhala dokotala wa ziweto, ndipo mbuzi za aneba athu a Quintanilla zinkayenda ndi mabandeji ngakhale zisakudwala. Ndiye bambo anaona kuti mwana amatha kuponya. Kuyambira pamenepo kunali kumudzutsa mbandakucha, mipira yodzaza dengu, kumuyeza msinkhu pa chitseko mwezi ndi mwezi. Atakhoza giredi 8 anamubweza momwemo. Ine ndinapita ku sekondale ndekha, iye n'kutsala pakati pa tiana tomwe tinkamutchula kuti Agogo. Mabuku anali omwewo amene anawamaliza kale. Anawatseka chaka chimenecho, ndipo sindikukumbuka kuti anawatsegulanso ndi mtima wonse.

Tsono imvani zimene ndinaona sabata yatha. Anthu achuma amene amathandiza timu anali ndi phwando kuhotela kwathu, ine ndili m'gulu la operekera zakudya. Efraín anamubweretsa atamuveka suti. Azibambo a zipewa zikuluzikulu anafola kuti amugwire mkono. Wina, pakamwa pali noninoni ndi mafuta a nyama, anamufinya phewa n'kufunsa mphunzitsi wa timu kuti ameneyu amamudyetsa chiyani. Mumadziwa momwe malume a Rogelio amagwirira ng'ombe pamsika? Chimodzimodzi. Kenako mkazi wa bamboyo anafunsa moseka kuti nanga uyu akathyoka, m'khola lomwe anachokeralo mulinso wina?

Ndinkayembekezera kuti mwana wanu akwiya. Ayi ndithu. Anaseka, n'kuyankha kuti alipo mng'ono wake kwathu ku Chigwa, akumunenepetsa kaye. Chipinda chonse m'manja phwaphwaphwa.

Ndinamutsekereza pakhomo la kukhitchini. Ndinamufunsa ngati akudziwa zimene bambo akufuna kumuchita Nico. Anati akudziwa, ndipotu nzeruyo anawapatsa ndi iyeyo. Ndinati alibe manyazi. Iye amvekere, “Iwe Araceli, ukadali wolongolola chonchi? Tandiyang'ana, ndikusowa chiyani ine?” Ndinamufunsa kuti teremu ino akuphunzira chiyani. Anakanda m'mutu, n'kunena kuti amene amadziwa bwino zimenezo ndi mnyamata womuthandiza za m'kalasi. Anatinso ndisadandaule, Nico adzalira sabata imodzi basi n'kuiwala, ngati momwe anachitira iye. Atatero anandipsompsona pamphumi n'kubwerera kuti akapitirize kumufinya.

Sabata imodzi! Amayi, iye mwina anaiwaladi, kapena anaphunzira kunama bwino. Koma inu ndi ine tikudziwa. Mnyamata wamkulu, mawu atayamba kale kukhuthala, anayambiranso kukodza pogona. Zofunda zija munkachapa ndinu, n'kukaziyanika kuseri kwa galaja kuti bambo asaone, kuyambira Ogasiti mpaka Khirisimasi itadutsa. Ine ndinkakuthandizani kufinya. Sitinakambiranepo nkhani imeneyi, ndipo ndikupepesa kuti ndaiika papepala, koma ndatopa ndi kumva pa kanema kuti Efraín anabadwa wosadziwa mantha.

Sindikukana kuti amaponya bwino. Ndikamuona pabwalo, anthu onse ataimirira kufuula dzina lathu, nanenso mtima umadumpha. Koma ndikafika kunyumba ndimanyansidwa, chifukwa ndimakumbuka mwana wa mbuzi za mabandeji uja, ndipo sindikudziwa komwe tinamusiya. Za Efraín ndi madzi otayika, saoleka. Madzi a Nico akadali m'ndowa.

Pempho langa ndi limodzi. Kusukulu sangamubweze mwana popanda inu kuvomera. Nthawi ija munati bambo ako ndiwo amadziwa za mpira, n'kukhala chete. Za mpira amadziwadi, sindikutsutsa. Koma ana amene amawadziwa ndinu. Ulendo uno mukane, amayi. Ngati kuyankhula nawo nokha kukuvutani, itanani azakhali a Chelo adzakhale pambali panu, pajatu iwo mlongo wawoyo samuopa. Ine ndipempha tchuthi ndibwere sukulu isanatseke mu Meyi, ngakhale andidule malipiro. Bambo akafuna munthu womukalipira, adzakalipire ine.

Mundiperekere moni kwa bambo, muwauze kuti sindikuwada, koma pa ichi sindili nawo. Moni kwa azakhali a Chelo, kwa malume a Rogelio ndi akazi awo, kwa asuweni anga onse, ndi kwa amayi a Quintanilla ngati akundikumbukabe.

Nico musamuwerengere kalatayi. Tsiku lina bambo ake atachoka, mudzamuitane kukhitchini, mudzamufunse ngati iyeyo akufuna kubwereza. Adzati inde, chifukwa ndi mwana waulemu ndipo amaopa kukhumudwitsa anthu. Poyankhapo mudzamuyang'ane kumaso.

Mulungu akusungeni mpaka tionane.

Ndine mwana wanu,
Araceli