Kansalu ka pa waya

Amama, kumeneko kwacha bwanji?

Ndakumbuka m'mawa uja ku Matero, wakuba atatitengera mabulangete pachingwe. Pothawa, malaya ake anakodwa pa waya wa mpanda, kansalu kobiriwira kanatsalira pamenepo. Inu munakatola, munapita nako kumpopi kukaonetsa azimayi, kenako kwa anyamata oitanira minibasi. Komboni yonse inayamba kuyang'ana malaya ong'ambika. Koma mutawapeza pansi pa matiresi a Lakisoni, mwana wa achimwene anu amene tinkakhala naye, munamanga kansaluko pansonga ya chitenje n'kunena kuti, "Wam'nyumba sitimukuwira." Chaka chisanathe, makina anu osokera anapitanso.

Nkhani zabwino zilipo. Mdzukulu wanu Misozi wabereka mwana wamkazi, mphumi ndi yanu yeniyeni. Mpeyala munabzala uja musanamwalire wabala mpaka nthambi kuthyoka. Koma Tisa, chitsirizira chanu, ali ndi khansa ya m'bere, ndipo ana anu enawa akunditopetsa.

Tisa anabisa chotupacho miyezi yambiri. Atandiuza, ndinapita naye kuchipatala, ndipo dokotala anatifotokozera zimene ndakhala ndikuziganizira mpaka lero. Akuti m'thupi muli maselo otiteteza, ndipo aliyense ali ndi ntchito yake. Ena amayendayenda, akapeza chachilendo amatola kachidutswa n'kukaonetsa anzawo m'khwapa kapena m'khosi, muja mumatupa mwanabere. Ena amaitana gulu, ena ndiwo amapha. Wakuphayo, ngakhale akhale wamphamvu bwanji, sagwira munthu amene anzake sanamuonetse. Ndinangoti mumtima, awa ndi amama kumpopi! Vuto ndi lakuti khansa si mlendo. Ndi maselo athu omwe amene apanduka, ndipo amadziwa kuuza alondawo kuti, ndine wanu, gonani. Alonda amagonadi. N'chifukwa chake pafunika mankhwala a kuchipatala, osadumphitsa.

Tsopano imvani za ana anu. Achimwene a Yohane anabwera kuchokera ku Chawama ndi mabotolo ogula m'minibasi. "Ni vokweza chitetezo ivi, mlongosi, vamphamvu maningi!" Ndinawauza kuti alonda a Tisa sakusowa mphamvu, akusowa wowaonetsa wakuba. Anandiyankha kuti, "Iwe na vizungu vako." Esinati wa ku Mandevu ndiye anandiletsa ngakhale kutchula dzina la matendawo. "Ba sisi, mufuna komboni yonse izibe? Tizingopemphera chabe." Kupemphera ndimapemphera nanenso, Amama, koma Esinati sanamuonepo Tisa atavula. Amafika, amaimba nyimbo pakhomo, amapita.

Pakati pa mabotolo ndi nyimbo, Tisa anasiya kupita kukalandira mankhwala. Amati amamusanzitsa, tsitsi likuthothoka, ndipo akulu ake awiri amuuza kuti pali njira yofewa. Chotupa chakula. Ndinakwiya, ndipo pepani, ndinakwiyira ndi inu omwe. Munatiphunzitsa bwino kwambiri kumanga zinthu pansonga ya chitenje.

Lamlungu lapitali ndinachita zimene munachita poyamba paja, musanavundukule matiresi a Lakisoni. Ndinakamutenga Esinati potuluka m'tchalitchi, ndinamulowetsa kuchipinda kwa Tisa, ndinapempha Tisa kuti amasule bulauzi. Ndinagwira dzanja la Esinati n'kuliika pamenepo. Sanaimbe. Anakhala pansi, kenako iye mwini anatulutsa foni n'kuimbira a Yohane: "Bwelani muone, siyani vimabotolo."

Ndiye Lachinayi tikupita kwa dokotala tonse anayi, mwamuna wa Tisa wachisanu. A Yohane akuti akamufunsa mafunso ovuta. Afunse, bola akafike. Dokotala sanatilonjeze kuti Tisa achira, wangoti mpata ukadalipo ngati sadumphanso.

Ndimakukondani, Amama, ngakhale mwandisiyira anthu ovuta. Ndikulonjeza kuti kansalu aka sindikamanga pachitenje. Ndipo ngati Tisa angayambe kulowera kwanuko, mum'bweze, mumuuze kuti Lachinayi tikumudikira pa siteshoni ya minibasi kuti tipite naye kwa dokotala.

Ine mwana wanu,
Dailesi