Amene Anapita ku Burma ndi Dzina la Mkulu Wake

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko?

Ndiyambe ndi mawu a boma. Lamulungu lapitali, pa mwambo wokumbukira asilikali m'tauni muno, bwana wina wa duwa lofiira pajekete analengeza kuti dziko lino silinaiwale ngakhale mmodzi mwa ana ake amene anafera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mayina awo onse analembedwa. Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba.

Kunyumba tilipo. Kamunda kanu ka ku Nancholi sikanabereke kwenikweni chaka chino, mvula inadula chimanga chikumasula. Mdzukulu wanu Chisomo wachira, ndi mwana wamwamuna. Khandalo latenga mphumi yanu ija yokwinya munthu asanalakwe.

Bwana uja atakhala pansi, munthu wina anawerenga mayina a amene sanabwerere kuchokera ku Burma. Ndinamva la a Samisoni, ndipo ndinakumbukira zimene munandiuza muli m'chipatala.

Munati olemba asilikali atafika, analoza a Samisoni. Koma iwowo ndiwo ankadyetsa banja lonse ndi makina osokera pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe. Ndiye mng'ono wawo, bambo anu a Yotamu, anatenga chiphaso chamsonkho cha mkulu wawoyo n'kukwera sitima, inu muli kumsana. A Samisoni, poopa kumangidwa, anayamba kuyankha dzina la Yotamu. Kalata ya imfa inawapeza akupalasa makina, ikuwauza kuti iwo amwalira. Anaipinda n'kumaliza kusoka kabudula wa mwini wake.

Munkati, "Anthu akaitana dzina la bambo anga, ankatembenuka ndi munthu wina." Munandipempha kuti ndikakonzetse zimenezi.

Lolemba ndinapita ku ofesi ya boma ndi kachitini kanu kaja kosungiramo zinthu za bambo anu. Ndinayamba ndadya, paja munkati, "Usamakangane ndi kalaliki uli ndi njala." Mnyamata wa muofesimo anandilandira mwaulemu, n'kufunsa umboni. Ndinatsegula chitini. Kalata ya imfa ikuti Samisoni. Mendulo inabwera m'dzina la Samisoni. Chithunzinso bambo anu analemba okha kumbuyo kuti Samisoni, kuopa kugwidwa. Bambo anu anabisala mwaluso, Amayi, moti mpaka lero boma silinawapeze.

Ndinakafikanso kwa adzukulu a agogo atelala aja, a Samisoni, ku Mpingwe, kuti mwina achitire umboni. Anandipatsa tiyi, koma sakufuna kumva kuti agogo awo anatsala pakhonde wina n'kukawafera. Sindikuwada. Makina omwe aja ndi amene anakuphunzitsani inu sukulu.

Choncho ndalephera, ndipo ndati mumve kwa ine.

Chimene ndakwanitsa n'chakuti khanda la Chisomo talitcha Yotamu. A ku Mpingwe akondwera, akuti tatchula agogo awo. Sindinawatsutse. Koma ndikulonjeza kuti mwanayu akadzayamba kumva zinthu, ndidzamukhazika pansi ndi chitinichi n'kumuuza kuti ndi Yotamu uti. Ngati bambo anu mwakumana nawo kumeneko, muwaitane ndi dzina lawo mokweza.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esinati

Ku ofesi kuja ndinapempha kuona mndandanda wonse. Ndauwerenga kawiri ndi chala. Yotamu mulibe.