Phulusa pa kamtengo ka Mayi Nora

Loweruka, 18 Novembala 2006, Balbriggan

Kwazizira, koma lero mtima uli m'malo. Kamtengo ka wintagirini kaja katulutsa timasamba titatu.

Mayi Nora, eni nyumba, popita ku Spain anandisiyira kamtengoka mumphika pakhonde. Anakadzala ndi malemu amuna awo, ndipo masamba ake amaviika m'madzi otentha n'kumwa ngati tiyi. Ine, mwana wa mlimi wa ku Dedza, ndinakathira phulusa monga timachitira kudimba. Masamba anayamba kuchita chikasu.

A Banda, omwe akuphunzira za nthaka kuyunivesite, atakaona anagwira mutu. "Achemwali, aka n'kam'nkhalango, kamafuna dothi lowawasa. Phulusali mwakapatsa poizoni!"

Ndinasintha dothi lonse, n'kumakathirira madzi a mvula okhaokha, poti a pampopi nawo sikagwirizana nawo. Aneba amaseka akandiona ndikutchera ndowa panja. Asiyeni aseke.

Ndatikita tsamba limodzi ndi zala osalithothola, fungo lake ngati mankhwala opaka msana aja. Kali moyo ndithu.

Mayi Nora afika Lachisanu likubwerali. Ndiwauza zonse, sindibisa kanthu. Koma ayambe aona kaye timasamba titatuto, za phulusa pambuyo...