Bisiketi, Galu wa a Lazaro

Lolemba, 9 Okutobala 1978

Amuna anga a Lazaro abwera lero kuchokera ku Lilongwe. Ntchito yaukhukhi yatha, mzungu wawo wabwerera kwawo. Ine ndimati atsika basi ndi njinga, mwina makina osokera. Atsika ndi dengu. M'dengumo galu! Galu wakenso: nkhope yakuda yophwatalala ngati anamuwomba ndi chitseko, maso otuzuka, kamchira kopindika ngati ka nkhumba. Akuti mtundu wake ndi pagi, dzina lake Bisiketi. Zaka zonsezi kuphikira munthu, mphatso yotsanzikira n'kukhala chimenechi? Ndinangonyamuka kukatunga madzi, chikhalirecho mitsuko inali yodzadza.

Lachitatu, 11 Okutobala

Mkonono kuposa mwini wake. Ubweya paliponse, pamphasa, m'ndiwo, pansalu yanga ya kutchalitchi. Madeya sadya, akufuna mpunga ndi chambo chochotsa minga. A Lazaro atandala pakhonde ndi kansanza, kumupukuta makwinya a pamphuno, akuti mukakhala chinyezi mumabuka zilonda. Ine zidendene zang'aluka chonchi, anayamba andifunsapo?

Lachisanu, 13 Okutobala

Wanyambita ndowa ya mai Habiba, oyandikana nafe nyumba. Kwa iwo Asilamu imeneyo ndi najisi, chinthu chodetsedwa. Aikwecha ndi dothi m'mawa wonse, tsiku lawo lopemphera lomwe. "Mai Enelesi, takhala bwino zaka zonsezi. Kanthu aka kasatidanitse." Manyazi agwira ine. Eni galu anali kubawo.

Loweruka, 14 Okutobala

Sauwa mlendo, sapirikitsa nyani. Ntchito kunditsatira basi, mutu atapendeketsa.

Lachiwiri, 17 Okutobala

A Lazaro! Awatenga.

Dzulo anapita naye kubawo pa Benga, pansi pa mtengo wa mango paja. Anthu kumuseka galu. Iwo pofuna kukometsa macheza akuti, "Taonani nkhopeyo, a Alufandika enieni akamafunsa khadi la chipani pamsika." A Alufandika, tcheyamani wa nthambi yathu ya chipani! Ena anaseka, ena anangodzuka mwakachetechete n'kumapita. M'mawa uno afika anyamata a malaya ofiira, akuti wonyoza tcheyamani wanyoza chipani. Awakweza pa lole kupita nawo ku boma.

Mawu awo omaliza kwa ine? "Musamusiye padzuwa." Osati za ine, osati za munda. Galu!

Lachitatu, 18 Okutobala

Galu sakudya. Wagona pa nsapato zawo. Afe, ndilibe naye ntchito.

Kuchitsime amayi akundilambalala ngati ndili ndi khate. Anakanena ndani? Mtima ukuloza kuseri kwa mpanda. A Swaibu, amuna a mai H., analipo kubawoko, ndipo za ndowa zija sanaiwale.

Lachisanu, 20 Okutobala

Ku boma sanandilole kuwaona. Chakudya analandira, mbale n'kundibwezera yopanda kanthu. Kaya wadya ndani.

Pochoka ndinamutsekera galu m'nyumba, yamalata, ndi kutentha kwa mwezi uno. Pobwera ndamupeza ali kwala pansi, lilime lada bii, akupuma ngati mvukuto wobooka. Ndinakuwa. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinakuwa. Amene anathamanga ndi mai Habiba. Kumukhudza ayi, sanamukhudze. Anaima pakhomo n'kumandipatsira madzi, ine kumuthira pamimba ndi m'mapazi, iwo kukupiza ndi lichero. "Nachonso ndi cholengedwa cha Mulungu," akutero, nkhope atayang'ana kumbali. Patapita nthawi galu anadzutsa mutu, n'kunyambita madzi m'dzanja langa.

Ndakwiya ndi onse. Mzungu wosiya nyama ya mphuno yotere m'manja mwa anthu a kunyanja kotentha. A Lazaro ndi pakamwa pawo. Ine ndi zimene ndinawaganizira mai H. ndi amuna awo.

Lolemba, 23 Okutobala

Diso lamanzere la Bisiketi lafiira, likuchita manthongo. Kaya wadzibaya ndi udzu, maso ake ali pamtunda kwambiri. Ndikumutsuka ndi madzi owiritsa othira kamchere pang'ono. Makwinya aja ndikupukuta ndine tsopano. Asamve munthu.

A Swaibu ndi mkulu wampingo wathu apita limodzi kwa a tcheyamani kukapepesa. Akuti kumeneko sapita chimanjamanja, ndiye atenga mbuzi. Mbuzi yanga! Yomwe ndinaweta ndekha a Lazaro ali m'tauni kukazinga mazira a mzungu. A tcheyamani akuti aganizira. Aganizira akutafuna chiwindi.

Lachinayi, 26 Okutobala

Zii. Diso likupola.

Loweruka, 28 Okutobala

Abwera masana ano. Mutu wometedwa mpala, aonda, akuyenda mopindika ngati nthiti zikuwawa. Moni anangoyankha ndi mutu. Bisiketi kuzungulirazungulira, kufwenthera, kulira, kukwera m'miyendo mwawo. Iwo anamukankha ndi phazi, osamuyang'ana n'komwe.

"Mawa ndikamutaya kumtsinje, ng'ona zimudye. Andiuza ku boma kuti asadzamuonenso."

Ndinatsitsa madzi osamba pansi. Ndinati mbuzi yanga yapita, ulemu wanga kuchitsime wapita, koma uyu sapita kulikonse. Sadzamuona, azikhala kuseri kunthochi, pamthunzi. Ndinawauza kumaso kuti amene ananyoza nkhope ya munthu si galu ayi. Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndimafunira, mpaka mai Habiba anasiya kusinja.

A Lazaro anatembenuka. Kenaka anatenga sopo n'kulowa kubafa.

Ndinadikira kumva madzi akukhuthuka, koma ayi. Ndinamva munthu wamkulu akusisima, chapansipansi, kuti asamveke kumsewu. Ndinamunyamula Bisiketi, n'kukamutula pakhomo pa bafa, ine n'kubwerako.