Amayi, Sukulu Yanu Ija Ikukulirakulira

Lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni, Amayi. Wolemba ndine mwana wanu wachisamba, koma mawuwa ndi athu tonse: Abambo, alongo anga awiri, mzime wanu, ndi adzukulu asanu, kuphatikizapo kakhanda kamene simunakaone koma katenga mphumi yanu yonse.

Ife tinakulira m'nkhani za sukulu yanu. Yunivesite itaganiza zotsegula sekondale yoti ophunzira ake a zauphunzitsi azizolowererapo ntchito, inakupatsani zipinda ziwiri kuseri kwa laibulale, momwe ankaunjikamo mipando yothyoka. Aphunzitsi munalipo anayi, ana makumi anayi ndi mmodzi. Bolodi munachita kupenta nokha pakhoma, ndipo penti wake anakhala m'zikhadabo zanu mpaka tchuthi. Anthu ankaseka kuti kupereka mwana kumeneko kuli ngati kupereka mutu kwa munthu wongophunzira kumene kumeta. Inu simunakangane nawo. Munangondigwira dzanja ine n'kukandilembetsa Fomu 1, dzina langa loyambirira m'kaundula.

Labotale kunalibe, koma sayansi munaphunzitsa. Mabotolo a m'khitchini mwathu, sefa, makandulo, ngakhale mabatire a muwailesi, zonse zinkathera kusukulu. Abambo akafuna kumvera nkhani ankapeza wailesi ili duu, n'kumadandaula kuti anakwatira mkazi pamodzi ndi sukulu yake. Inu kuseka mpaka kugwira m'mimba. Ana anakupatsani dzina loti Abwerezani, chifukwa yankho loloweza simunkalilandira mpaka mwana alinene m'mawu akeake. Aphunzitsi ochokera ku yunivesite aja munkawaonerera mutakhala padesiki yakumbuyo, ndipo palibe amene munamuchititsa manyazi ana akuona. Belu likalira munkamuitanira pambali n'kumuuza kuti, "Mwana akalephera funso, yambani mwadzifunsa ngati mwalifunsa bwino." Ena mwa iwo lero ndi akuluakulu a masukulu, ndipo akakumana nafe m'tauni amayamba ndi mawu omwewo asanatipatse moni.

Chaka chimene sitichiiwala ndi chachisanu ndi chitatu chitsegulireni sukuluyo. Akuluakulu a yunivesite anagamula kuti malo achepa, choncho sukulu izingolandira ana a aphunzitsi awo basi, enawo akafune kwina. Kumsonkhano wawo sanakuitaneni, koma munapita, mutasenza dengu la makope a ana omwe munawamata mapepala pamaina. Munaika kope patsogolo pa bwana aliyense n'kumupempha kuti awerenge, kenako anene ngati mwini wake ndi mwana wa pulofesa kapena wa mlonda. Anatembenuza masamba, anakonza magalasi, koma onse analephera. Kope limene analitama kwambiri linali la mwana wa bambo wosesa m'zipinda zawo zomwezo. Kunyumba munafika nsapato zili m'manja, mukuti ntchito yatha. Nyumba yomwe tinkakhala inali ya sukulu, ndiye Abambo anayamba kufunsafunsa za kosamukira, ife tikumanga mabuku m'makatoni. Patatha masabata atatu kalata inabwera. Inu sanakuchotseni, ndipo theka la malo analisiyira ana a kunja kwa mpanda. Makatoni aja tinamasula tikuimba.

Matenda atakula munakana kugona kunyumba. Teremu yanu yomaliza munaphunzitsa mutakhala pampando, mawu akuchepa, ana n'kumasunthira madesiki kutsogolo kuti akumveni. Chimene chimatiwawa n'chakuti munapita labotale imene munailimbikira zaka zonsezo ili pa mawindo, isanafoleredwe. Munkaiyang'ana tikamakupititsani kuchipatala, n'kumatiuza kuti tiyendetse galimoto pang'onopang'ono.

Ndiye imvani nkhani yabwino, Amayi. Labotale ija inatha, mipope ikutulutsa madzi, ndipo mwana aliyense ali ndi pake pogwirira ntchito. Zipinda ziwiri zija tsopano ndi khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Awonjezera maphunziro a makompyuta ndi zaulimi, ndipo pa mayeso a Fomu 4 a chaka chatha analephera ana awiri okha, omwenso abwerera kudzayesanso. Mphunzitsi wamkulu panopa ndi mtsikana wa kope lotamidwa lija. Pakhomo la ofesi yake pamakhala potsegula tsiku lonse, ati anaonera inu.

Mdzukulu wanu woyamba, mwana wanga uja munkamuti Wamafunso, ali chaka chomaliza ku yunivesite, ndipo amutumiza kukazolowera ntchito pasukulu yomweyo. Tsiku loyamba choko chinamuthyokera katatu, ana anaseka, iye anafika kunyumba maso ali psuu, akuti uphunzitsi si wake. Amene mukanadziwa chomuuza ndinu, Amayi. Koma amene anadzuka ndi Abambo. Mukudziwa kuti chiikireni maliro anu anali asanapondeko pageti la sukulu. Ankazungulira njira yaitali popita kumsika kuti asamve belu. Koma m'mawa mwake anasita shati, anatenga ndodo yawo, n'kumuperekeza mwanayo mpaka pakhomo la kalasi. Sanabwerere. Anakhala pabenchi pakhonde maola awiri, akumvetsera kudzera pawindo. Atabwerako anatiuza kuti mwanayo amafulumira polankhula ngati agogo ake ali mtsikana, ndipo anayamba kutisimbira momwe inunso munasokonezekera pa phunziro lanu loyamba, mpaka kulemba tsiku lolakwika pabolodi. Nkhani imeneyo munatibisira, Amayi! Tinaseka mpaka misozi, ndipo aka kanali koyamba kuti Abambo atchule dzina lanu akuseka.

Mzime wanu amalirabe akaona munthu wovala juzi yobiriwira ngati yanu ija. Alongo anga salankhula zambiri, koma chithunzi chili pamwambachi anasankha ndi iwo, chifukwa ndi chokhacho chimene mukuoneka muli ndi fumbi la choko m'tsitsi. Mpando wanu patebulo sitinauchotse, ngakhale tsopano adzukulu amaulimbirana.

Pumulani, Amayi, ntchito ili m'manja abwino. Ife kukuiwalani ndiye ayi, mpaka tidzaonane.

Amuna anu, ana anu ndi adzukulu anu