Kamabo Kanga Pamapazi a Apongozi

Lachisanu, Juni 1956, kwa Mpingu

Lero ndachita manyazi mpaka kulakalaka nthaka itandimeza.

M'mawa mkazi wanga Nabanda anandipempha kuti ndikonze nkhokwe ya amayi ake. Ine ndinakakhala kuseri kwa nkhokweyo n'kutsegula chitini changa cha timabo, timipira tagalasi tomwe ndakhala ndikutolera. Ndimafuna kuonetsetsa kobiriwira kamene ndinatola kudzala la sitolo ku Namitete. Sikali ngati tatsopano tamaluwa m'kati timene amagulitsa amwenye. Kali ndi mzere pakati ndi kathovu kamodzi, ndiye kuti kanachokera m'khosi mwa botolo la soda lakalekale.

Ndikukayang'ana padzuwa, kanandipulumuka n'kugubuduka. Ndinakatsatira chokwawa, maso ali pansi, mpaka dzanja langa linagunda phazi la munthu. Apongozi! Ine mkamwini, amene ndimapatukira kutchire ndikawaona panjira, lero ndawagwira chala chakuphazi.

Sanandiyang'ane n'komwe. Anawerama, kukatola, n'kuitana mwana wawo. "Iwe Nabanda, kodi pakhomo pano tinalandira mwamuna kapena mwana woti tizimulera? Chimanga chizingokhala pansi, eti?"

Ndinathawira kudimba, nkhokwe osaikhudza. Madzulo Nabanda wandiikira madzi osamba osandilankhula. Mawa ndilawirira kukadula nsungwi, mwina ulemu wanga ungabwerere.

Koma chondichititsa manyazi kwambiri n'chakuti mtima wanga suli pa nkhokwe. Pothawa paja ndinacheuka, ndipo ndinawaona apongozi akumanga kamabo kanga pansonga ya nsalu yawo. Nanga munthu amayambira pati kupempha apongozi kuti amubwezere...