Chishalo cha Munthu Mmodzi

Chitipa Boma,
Lachinayi, 18 Julaye 2024.

Okondedwa achemwali a Maggie,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mphepo ya chaka chino yanyanya, ikuwomba ngati ili nafe chifukwa. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Nyumba yathu mukuidziwa, munthu ukatsokomola kuchipinda amakupepesa ali pakhonde, ndipo makutu a bambo masiku ano akuthwa kuposa kale. Ndikamaliza ndijambula mapepalawa n'kukutumizirani pa foni. Chonde muwerenge lero lomwe, chifukwa nkhani yake ndi ya Loweruka likubwerali, ndipo ine ndili ndi mantha.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlamu wanu Tionge ali bwino, mimba yakula ndithu, kusikelo akuti zonse zili m'malo mwake. Chabwino china n'chakuti njinga yamoto ya bambo ija yadzuka. Ndikunena Yamaha yomwe ija ankayendera ali mlangizi wa khofi ku Misuku, imene inakuwotchani mwendo muli wamng'ono. Amayi atamwalira, bambo posamukira kwathu kuno anabwera nayo pa lole pamodzi ndi mipando, ife n'kuigoneka m'kashedi ka nkhuku. Inagona mmenemo mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira pachishalo.

Mukudziwa mmene bambo analili chiwasiyireni amayi. Ankangokhala pakhonde duu, kuwapatsa moni kuyankha ndi mutu. Tsiku lina ndinawapeza m'kashedi muja akusisita thanki ya njingayo, ndiye nzeru inandibwerera yoti ndiikonze, mwina angatsitsimuke. Musaseke. Ndikudziwa kuti ine mphunzitsi wa Jogalafe sipanala ndinkangoigwira pomanga bedi. Koma ndinasamutsa nkhuku, ndinakhoma thabwa loikapo zida, kashedi kaja n'kusanduka galaja. Aphunzitsi anga anali makanema a pa foni.

Ntchito inalipo, achemwali. Makoswe anali atadya mawaya, matayala atang'ambika okha, m'thanki muli dzimbiri lokhalokha. Ndinathiramo timiyala ndi palafini n'kumaikhutchumula madzulo aliwonse mpaka mapewa kuwawa. Zipangizo zina ankandibweretsera kuchokera ku Tunduma ndi Wallace, fundi wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa msika. Ndipo mankhwala anga anagwira. Bambo anayamba kudzuka m'mawa, kukokera kampando m'galaja, kundilalatira ngati kale. Ndikawapatsa kachitsulo, ankakazunguza m'zala maso ali kudenga, n'kunena dzina lake ndi pamene kamakhala. Ine n'kumadziguguda pachifuwa kwa anzanga kuti bambo anga njinga amaidziwa osaiyang'ana n'komwe. Uchitsiru wanga unayambira pamenepo.

Unakulira pa makanema aja. Ndinaona anthu akunja akufupikitsa njinga zakale, kuchotsa zonse zakumbuyo, kusiya kachishalo ka munthu mmodzi, njinga n'kumaoneka ngati yampikisano. Mtima wanga unagwera pomwepo. Bambo ali kutchalitchi, ndinaikankhira kwa Wallace n'kumuonetsa chithunzi.

Wallace anayang'ana chithunzicho, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Asambizi, mwaghanaghana makora? Aphunzitsi, mwaganiza bwino? Kuno njinga yopanda kaliyala ndi chidole. Odwala mudzanyamulira pati?"

Ndinamuyankha mwamatama kuti iye ntchito yake ndi kudula, kuganiza andisiyire ine. Anadula. Kaliyala, chishalo chachitali chija, zopondapo za wokwera kumbuyo, ngakhale chitsulo chimene zonsezi zinkagwirira, zonse zinagwa pansi. Zitsulozo anapangira mbaula n'kugulitsa sabata yomweyo. Ine ndinapaka njingayo penti wobiriwira, wosoka nsapato n'kundisokera kachishalo kachikopa. Kunena zoona inakongola, anyamata a kabaza ankaima pamsewu kuti aijambule.

Bambo atabwera anaiyendetsa dzanja kuyambira kutsogolo. Dzanja litafika pothera kachishalo linagwera m'malere. Kenako anati, "Wachita bwino. Njinga imeneyi yanyamula anthu okwanira." Ndinasangalala, osadziwa chimene ndikusangalalira.

Tsopano ndikuuzeni chimene bambo anandiletsa kukuuzani. Bambo sakuona, achemwali. Sindikunena zoiwala magalasi ayi. Woyamba kuzindikira anali Tionge. Anaona kuti tiyi akumuthira m'mbali mwa kapu, Baibulo akumangoti tiwawerengere chifukwa iwo atopa, ndipo mlendo akafika sakumutchula dzina mpaka alankhule. Tionge akuti mwina ndi ng'ala, chifukwa m'maso mwawo mwachita mbuu, koma inu anamwino ndi amene mungadziwe. Nditawafunsa mwaulemu, anandiyankha kuti maso awo ali bwino, ndi dzuwa la masiku ano limene lachepa mphamvu. Za chipatala safuna n'kumva komwe, akuti amayi analowa ndi miyendo yawo n'kutuluka atanyamulidwa. Anamaliza ndi mawu akuti, "Ndipo usamuuze Maggie, adzandisandutsa wodwala wake." Ndinamvera, poganiza kuti munthu wongokhala pakhonde maso ofooka sangamuphe.

Lamulungu lapitali masana injini inalira koyamba. Ndinaponda kiki mpaka thukuta kamukamu osaphula kanthu, bambo n'kundikankha, kuponda kawiri, basi njinga inabangula utsi uli tolo. Anaseka, achemwali, kuseka kwenikweni kumene sindinakumve chiikireni maliro a amayi. Atati akufuna azungulire nayo pang'ono pabwalo la mpira la kusukulu kuseri kwathuku, ndinalephera kukana. Ndinati pabwalo palibe mtengo, palibe dzenje, chingachitike n'chiyani?

Poyamba anayenda bwino, msana uli chilili ngati mnyamata. Kenako anawonjezera moto. Nthawi yomweyo Tionge anatulukira kuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, akudutsa pakati pa bwalo monga achitira masiku onse. Anaima kuti apongozi ake amulambalale. Sanamulambalale. Njinga inalunjika pa iye ngati pali chingwe chikuikoka. Tionge anangouma, dzanja limodzi pandowa lina pamimba. Ine ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti, "Kumanzere! Bambo, kumanzere!" Anakhota pomwepo. Chogwirira cha njinga chinakoka chitenje chake, ndowa inagwa, iye n'kukhala pansi m'madzi momwemo.

Ndinathamanga n'kumudzutsa. Sanavulale, ndipo m'mawa mwake tinapita kusikelo, mwana ali bwino, musade nkhawa ndi zimenezo. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chimene chinatsatira. Bambo anazungulira n'kudzaima chapatali pang'ono, nkhope ili mwee, n'kunena kuti, "Iwe umakuwiranji ngati wolumidwa ndi njoka? Chitsacho ndinachiona kalekale."

Chitsa, achemwali. Mpongozi wawo, masana dzuwa likuswa mtengo.

Tionge anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Imwe, musawauze pano, pali anthu." Tinabwerera kunyumba ndikukankha njinga, bambo akuyenda pambali panga n'kumayamikira mabuleki. Pa chakudya chamadzulo anafunsa chifukwa chimene mpongozi wawo wagonera msanga, ndiye ndinawauza zonse mosabisa. Anasiya kudya. Anapita pakhomo la chipinda chathu, munthu woti sanayandikirepo khomo limenelo, n'kuima panja chipewa chili m'manja.

"Mama, ndinu amene munali pabwalo paja?"

"Ndine, adada."

"Pepani, mama. Pepani chomene."

"Palije kanthu, adada, sindinapweteke."

Ndinapuma, ndinati basi, aona okha, nkhani ya njinga yathera pano. Ndinadzinamiza. Lolemba m'mawa ndinapeza njinga mulibe m'galaja. Anali ataikankhira kuchipinda kwawo, pakati pa bedi ndi khoma, makiyi ali m'thumba la jekete. Anandikhazika pansi n'kundikumbutsa kuti Loweruka ndi tsiku limene amayi anatisiya, ngati kuti ndingaiwale. Akuti akupita ku Misuku kukaona manda, ndipo akupita pa njinga yawo. Akuti masiku aja amayi ankaimva ikadali kutsidya kwa phiri n'kuteleka madzi osamba, ndiye iwo sakafika kwa mkazi wawo mwakachetechete ngati wakuba.

Ndinati ndipeza galimoto. Anakana. Ndinati tikwere kabaza, anati iwo si thumba la chimanga. Pomaliza ndinati, "Chabwino bambo, tipite pa njinga yanu yomweyo, koma ndiyendetse ine, inu mukhale kumbuyo."

Anamwetulira n'kunena kuti, "Kumbuyo kwake kuti? Si unadula wekha?"

Ndinathamangira kwa Wallace, iye anati zitsulo zina angapeze n'kuwotcherera tsiku limodzi, bola ndibwere nayo njingayo. Koma bambo akuti aliyense wokhudza njinga yawo aziyamba wawaika iwo m'manda. Akatuluka amakhoma chitseko, ndipo satalikira. Tionge akuti tithyole loko n'kuibisa kwa abusa. Abusawo anabwera Lachiwiri, bambo anawalandira bwino, anawapatsa tiyi, anawawerengera m'mutu mayina a mitengo imene ili kuseri kwa nyumba, abusa n'kuchoka akundiuza kuti ndisamakokomeze zinthu.

Dzulo ndi pamene anandiuza nzeru yawo, ndipo nzeru yake ndinawapatsa ndine pabwalo paja. Akuti, "Unaona mmene ndinakhotera utakuwa? Makutu ndili nawo. Iwe ubwereke njinga ya Wallace, ukhale patsogolo, uziliza hutala pokhota paliponse. Ine ndizitsata kulirako. Msewu umenewo ndauyenda kuyambira iwe usanabadwe."

Achemwali, msewu wa ku Misuku mukuukumbuka. Ukangosiya tala pa Kapoka ndi fumbi, miyala ndi zitunda, mbali ina khoma la phiri mbali ina phompho loti ukaponya mwala sumva pogwera. Chakufupi ndi nkhalango ya Mughese nkhungu ya mwezi uno imatseka ngakhale ife a maso awiri. Ndiponso ino ndi nyengo yothyola khofi, magalimoto akutsika atadzaza, amayi akuyenda m'mbali mwa msewu ana ali kumsana. Hutala wanga adzawauza za kona, koma za mwana wodutsa pakati pa ine ndi iwo adzawauza ndani? Ndikatseka maso ndimadziona ndikuliza hutala, kenako n'kuzindikira kuti kumbuyo kwanga kwangoti zii. Chakudya sichikulowa. M'kalasi dzulo ndinaima choko chili m'manja mpaka ana anayamba kuseka.

Ndiye mufunsa kuti ndinawayankha chiyani. Ndinati, "Chabwino, bambo." Pakamwa panangotuluka zimenezo. Chibadwire sindinawakanizepo kanthu bambo, ndipo anandiuza maso ndi maso kuti ndikakana kutsogola anyamuka okha. Ndikathyola chitseko n'kuwalanda njinga, ndikuopa kuti abwerera pakhonde paja duu, ulendo uno osadzukanso, ndipo wowapha ndidzakhala ine. Ndikawalola, mukudziwa kale. Nzeru zandithera.

Pempho langa ndi ili. Inu ndi munthu yekhayo amene mumawakalipira iwo n'kumvera, mwina chifukwa mawu anu ndi a amayi enieni. Aimbireni lero kapena mawa. Musawanyengerere, muwauze kuti mwadziwa zonse. Adzandikwiyira, mwina osandilankhula mpaka Khirisimasi, zimenezo ndavomera. Ngati n'kotheka kwerani basi ya mawa, ngakhale mufike mochedwa ine ndidzawachedwetsa ndi tizifukwa mpaka mutafika. Muwauze kuti ngati ndi ng'aladi madokotala amachotsa, ndipo maso akatseguka njinga adzaipeza ikuwadikira, ine ndidzawathirira mafuta ndekha. Kwa amayi tipite tonse pa galimoto, njingayo tiikweze kumbuyo, akailize pamanda pomwepo mpaka mapiri onse amve. Ine ndanena zimenezi, sizinamveke. Mwina zikachokera kwa inu zimveka.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, muwauze kuti amalume awo sanawaiwale. Tionge akupereka moni, akuti mubwere, musamusiye yekha ndi amuna awiri osamva. Bambo nawonso akupereka moni. Abwera ndili mkati molemba ndime yapitayi, akhala pambali panga pabenchi pano, phewa lawo likukhudza langa. Maso awo ali papepala lomweli, pamzere womwe ndikulembawu. Andifunsa kuti ndikulemba chiyani chachitali chonchi, ndati ndikukufotokozerani za njinga. Asangalala kwambiri. Akuti ndilembe bwinobwino kuti yabiriwira, ikulira ngati yatsopano, ndipo ngati muli ndi mawu oti akawauze amayi munene msanga, chifukwa Loweruka akakhala nawo.

Chonde imbani, achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Henderson.